Lapu ya mamita 400 ikamalembedwa 0.41: tikhulupirire wotchi, foni, nsapato kapena bwalo?

Tsiku lina nditatsiriza kuzungulira bwalo kakhumi, ndinakhala pa udzu n'kuyamba kudina wotchi kuti ndione zimene yalemba. Lapu yoyamba 0.41 ya kilomita, yachiwiri 0.40, yachitatu 0.42, yachinayi 0.41, n'kumangosinthasintha choncho mpaka yomaliza. Mnzanga amene tinkathamanga moyandikana, mpaka kumamvana wefuwefu, wotchi yake inkavina pakati pa 0.39 ndi 0.40. Bwalo limodzi, nthawi imodzi, koma titaphatikiza, mawotchi athu anatisiyanitsa ndi mamita oposa 100. Tinatsutsana ndithu, aliyense kuikira kumbuyo chipangizo chake ngati mwana wobala yekha.

Ambiri akaona zotere amafulumira kunena kuti wotchi yawo ndi yabodza, n'kuyamba kusirira ina yatsopano. Koma apa pabisala mavuto awiri osiyana, ndipo wotchi yatsopano imachiza limodzi lokha. Loyamba ndi la kayezedwe: chipangizocho chadziwa bwanji kuti mwayenda mtunda wakuti? Lachiwiri ndi la kalembedwe ka nambala. Mamita 404.9 ndi mamita 405.1 amasiyana masentimita 20 okha, kutalika kwa chikhatho chotambasula, koma pagalasi la wotchi oyambawo aoneka 0.40, enawo 0.41. Inu mukayang'ana muganiza kuti pasiyana mamita 10.

Ndikamati lapu ndikunena chigawo chimodzi cha ulendo wanu, kaya kuzungulira bwalo kamodzi, kaya kilomita imodzi pamsewu, kaya kuchoka pamene munadina batani kufika pamene mwadinanso.

Bwalolo ndi lalitali bwanji kwenikweni

Tisanaweruze zipangizo, tiyeze kaye pansi pomwe tikuponda. Bwalo la liwiro lomangidwa motsatira muyeso wa World Athletics, bungwe loyang'anira masewera othamanga padziko lonse, lili ndi mbali ziwiri zowongoka, iliyonse mamita 84.39, ndi makona awiri okhota ngati theka la mkombero, mamita 36.5 kuchoka pakati pa mkomberowo kufika pa kakhoma ka m'kati. Mamita 400 aja sayezedwa pa kakhoma penipeni ayi. Amayezedwa masentimita 30 kunja kwake, pamene amaganizira kuti wothamanga amaponda. Leni iliyonse, kanjira ka wothamanga mmodzi, ndi yotambalala mamita 1.22. Kuzungulira kamodzi mu leni 2 ndi mamita 407, mu leni 3 pafupifupi 415, mu leni 8 ndi 453.

Ngakhale mu leni 1 momwemo, mukangosendera kunja masentimita 10, lapu yanu yatalika ndi masentimita 63. Amene akuthamanga pambali pa mnzake, theka la mita kunja, amawonjezera mamita atatu pa lapu iliyonse. Pa mpikisano wa mamita 10,000, womwe ndi malapu 25, ameneyo wathamanga mamita pafupifupi 78 amene palibe adzamuwerengere. Ndiye 0.41 ija si bodza nthawi zonse. Mwina munathamangadi mamita 406.

Palinso ka nkhani ka dzanja. Pabwalo timazungulira kukhotera kumanzere, kotero dzanja lamanzere limakhala m'kati, lamanja kunja. Manja awiriwo akatalikirana masentimita 40, mkombero umene lamanja likujambula umaposa wa lamanzere ndi mamita awiri ndi theka. Mnzanga uja amavala wotchi kumanzere, ine kumanja, ndipo tsiku limenelo ndinali kunja kwa iye. Mbali ina ya mkangano wathu inathera pomwepo.

Kusendeza nambala ndi kuidula mchira

Galasi la wotchi ndi laling'ono, choncho limangoonetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho. Kuti nambala yaitali ikwanepo pali njira ziwiri. Ina ndi kuisendeza ku nambala yoyandikira: 0.406 ikhale 0.41, 0.404 ikhale 0.40. Ina ndi kungoidula mchira: 0.406 ikhale 0.40, ngakhale 0.409 ikhale 0.40. Njira yoyamba imalakwa uku ndi uku, mwakuti malapu akachuluka zolakwazo zimafafanizana. Yachiwiri imakubererani mbali imodzi yokha, ndipo malapu akamachuluka, zobedwazo zimachulukanso.

Izi n'zimene zimachititsa kuti munthu aimitse wotchi itangolemba 10.00, koma akatsegula Strava, pulogalamu yosungira maulendo a othamanga, apeze 9.99. Wotchi inayeza mwina mamita 9,996 n'kusendeza, pamene Strava imadula. Othamanga amangochita nthabwala kuti ndi msonkho wa Strava. Palibe mita imene yasowa mu fayilo, zasiyana ndi njira zolembera basi. Amene zimamupweteka mtima azingopitirira masitepe khumi asanaimitse.

Pa makilomita 10, mamita anayi si kanthu. Pa lapu yaifupi ndiye pamene kusendezaku kumaluma. Nambala ya 0.40 imaimira mtunda uliwonse kuyambira mamita 395 mpaka pang'ono kufika 405. Tinene kuti lapuyo mwaimaliza m'masekondi 90. Ngati inali 400 yeniyeni, liwiro lanu ndi 3:45 pa kilomita, kutanthauza mphindi zitatu ndi masekondi 45. Ngati inali 395, ndi 3:48. Ngati inali 405, ndi 3:42. Masekondi sikisi pa kilomita, kwa munthu amene akukonzekera mpikisano wa makilomita asanu, ndi theka la mphindi lathunthu. Zonsezo zabisala kuseri kwa 0.40 imodzi.

Kwa amene wotchi yawo imawerengera m'mamailo zinthu zimanyanya. Mailo imodzi ndi mamita 1,609.344, ndiye 0.01 ya mailo ndi mamita 16. Lapu ya 400 ndi 0.2485 ya mailo. Ikasendezedwa ikhala 0.25, ikadulidwa ikhala 0.24. Lapu ya mu leni 1 ndi ya mu leni 2 zonse zioneka 0.25, ngati kuti mamita 7 aja kulibe. Tsono yesani kuphatikiza malapu 25. Mukatenga 0.25 mupeza mamailo 6.25, omwe ndi mamita 10,058. Mukatenga 0.24 mupeza mamailo 6.00, omwe ndi mamita 9,656. Mtunda weniweni ndi 10,000. Pakati pa mayankho awiriwo pali lapu yathunthu, chikhalirecho GPS sinalakwe ngakhale sentimita. Ndipo malapu anayi si mailo, amaperewera mamita oposa 9, n'chifukwa chake mpikisano wa mailo umayambira kumbuyo pang'ono kwa mzere womalizira.

Madzi akatayika saoleka. Nambala ikasendezedwa, mchira wake wapita, ndipo kuisandutsa kuchoka ku mamailo kupita ku makilomita sikuubweza. Kumangoipatsa maonekedwe aulemu: 0.25 ya mailo imasanduka mamita 402.3, nambala yooneka ngati yoyezedwa mosamala koma yobadwa kwa yongoyerekeza.

GPS wamba ndi ya mafunde awiri

Masetilaiti a GPS amazungulira dziko ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Wotchi imamva mafunde awo, imawerengera nthawi imene ayenda, n'kupeza pamene mwaima, kawirikawiri kamodzi pa sekondi. Mtunda umapezeka polumikiza timadontho timeneti. Kadontho kalikonse kangathe kuphonya ndi mamita angapo, ndipo zimenezo n'zabwino kale tikayerekeza ndi kale: mpaka mu May 2000 boma la America linkasokoneza dala mafunde a anthu wamba, moti kuphonya kunkafika mamita 100.

Pamsewu wautali wowongoka, kuphonya pang'ono kumanja kapena kumanzere sikusintha mtunda kwenikweni. Pabwalo, mamita 231 mwa 400 aja ndi makona, ndipo pamakona pamachitika zolakwa ziwiri zokokerana. Timadontho tikamadumphadumpha, mzere umakhala wokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera, mtunda n'kutalika. Timadontho tikatalikirana, mzere umadulira khona, mtunda n'kufupika. Tiwerengere: munthu wothamanga mamita anayi pa sekondi, malo ake akamalembedwa sekondi iliyonse, kudulira makonako kumangodya masentimita pafupifupi 11 pa lapu. Akamalembedwa kamodzi pa masekondi asanu, kumadya mamita pafupifupi atatu. N'chifukwa chake pa mawotchi amene amakufunsani ngati alembe sekondi iliyonse kapena mwa apo ndi apo, ine ndimasankha sekondi iliyonse. Fayilo imakula pang'ono, koma pulogalamu iliyonse imene idzawerengerenso mtunda kuchokera pa timadontho ipeza pogwira.

Mawotchi ambiri masiku ano samvera GPS yokha. Amawonjezera GLONASS ya ku Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya ku China. Masetilaiti akachuluka, wotchi sisowa chomvera mukalowa pansi pa mitengo kapena pakati pa nyumba zazitali. Ena apamwamba amamvera mafunde awiri nthawi imodzi, L1 pa 1575.42 MHz ndi L5 pa 1176.45 MHz. Poyerekeza awiriwa, wotchi imachotsera kuchedwa kumene mafunde amakumana nako m'mwamba, komanso imazindikira mosavutirapo mafunde amene anjanja pakhoma kapena padenga la bwalo asanaifike. M'tauni ya nyumba zosanjikizana ndi m'nkhalango kusiyana kwake kumaoneka ndi maso pa mapu. Mtengo wake ndi batire, limatha msanga.

Koma kunena mosapsatira, ngakhale wotchi yabwino chotere ikaphonya ndi 1 peresenti yokha, pa lapu ya 400 amenewo ndi mamita anayi, omwe ndi masekondi awiri pa kilomita. Pa ulendo wa makilomita 15 pamsewu ndilibe nayo dandaulo. Pa malapu a 200 kapena 400 sindiifunsa n'komwe za mtunda.

Foni imamvera masetilaiti omwewo, ndipo mafoni ena ali ndi mafunde awiri aja. Chimaigwetsa ndi pamene imakhala: m'thumba, thupi lanu litaitchinga theka la thambo. China, foni ikayamba kusunga batire imachepetsa kufunsa malo, makona n'kuyamba kudulidwa. Ndiye palinso kulimbana ndi galasi ndi chala chathukuta pamene mukuwoloka mzere mukupumira m'mwamba. Yolembera ulendo wautali ndi yokwanira. Yodulira malapu, pa zonse zimene ndikuyerekeza pano, ndiyo yomaliza.

Wotchi yodziwa kuti ili pabwalo

Garmin, Coros ndi Apple anaika m'mawotchi awo ena njira yapadera ya pabwalo la liwiro. Mumaiuza leni imene muli, wotchi imazindikira kuti mukuzungulira bwalo, ina pophunzira maonekedwe ake mukazungulira kangapo, ina poyerekeza ndi mapu amene ili nawo kale, kenako imakokera timadontho tonse pa mzere wa leniyo. Zotsatira zake n'zosangalatsa m'maso: 400, 400, 400, ndipo mapu amatuluka mkombero wosalala m'malo mwa chingwe chopiringizika.

Ndimaikonda njirayi, koma tiyenera kumvetsa chimene ikuchita. Siikuyeza mtunda wanu bwino kuposa kale, ikungokhulupirira zimene mwaiuza. Mukatuluka kupita mu leni 2 kuti mupitirire gulu la oyenda pang'onopang'ono, iyo ilembabe 400. Mukaiwala kusintha leni, mwanena 1 pamene muli mu 4, malapu onse alakwika mofanana, ndipo polakwika mofanana sakayikitsa. Choopsa kwambiri ndi bwalo losakhala pa muyeso. Mabwalo akale ena anamangidwa pa mayadi 440, omwe ndi mamita 402.3. Ena ndi ongojambula ndi laimu mozungulira bwalo la mpira, palibe anawayeza ndi tepi. Wotchi ingathe kuwapatsa ulemu wa 400 umene alibe. GPS wamba, ndi kudumphadumpha kwake konse, mukatenga malapu 20 n'kugawa, ikhoza kukutsinani khutu kuti bwaloli ndi 385. Njira ya pabwalo imatha kukubisirani zimenezo.

Imasokonezekanso mukamachita zachilendo pa nthawi yopuma, monga kubwerera m'mbuyo kapena kudutsa pakati pa udzu. Ndipo m'bwalo la m'nyumba la mamita 200, lofolera, mafunde a masetilaiti safika bwino, ndiye palibe chimene ingakokere pa mzere.

Kachipangizo ka pa nsapato

Aka kamamangiriridwa pa zingwe za nsapato, ndipo kotchuka masiku ano ndi Stryd. Sikayang'ana kumwamba. Kali ndi tizipangizo tomva kugwedezeka m'kati, timene timayeza mmene phazi lanyamukira, mmene layendera ndi mmene laterera, n'kuwerengera kutalika kwa sitepe iliyonse. Mitengo, madenga ndi ngalande za pansi pa phiri sizikakhudza.

Ubwino wake waukulu si wakuti sikalakwa, koma wakuti kamalakwa mofanana. Ngati lero kaperewera ndi 1.5 peresenti, mawanso kaperewera chimodzimodzi, ndipo cholakwa chokhazikika chimachunika. Zungulirani bwalo loyezedwa kasanu mu leni 1, mukuponda pafupi ndi kakhoma. Amenewo ndi mamita 2,000. Kachipangizo kakalemba 1,970, gawani 2,000 ndi 1,970, mupeza 1.015, n'kuika nambala imeneyo mu wotchi ngati yochunira. Pochuna musatenge 1.97 ya pagalasi, tengani mamita enieni a mu fayilo, apo ayi mukuchuna chipangizo ndi nambala yosendezedwa kale. Musachunirenso pa lapu imodzi, chifukwa mita imodzi yophonya podina batani imalemera kasanu pa 400 kuposa pa 2,000.

Kuchunako kumagwedezeka mukasintha nsapato, mukakasuntha pa zingwe, kapena mukachoka pa liwiro lomwe munachunira n'kupita pa liwiro la mtondo wadooka. Pamchenga ndi pamatope, pomwe phazi limaterereka, kamasokonezekanso. Koma pa zipangizo zonse, aka ndi kamene kamanena zimene mwendo wachitadi. Mukathamanga mu leni 2 kalemba pafupi ndi 407 popanda kukauza. Ndipo liwiro la pompopompo, limene GPS imachedwa nalo masekondi angapo mukangoyamba lapu, aka kamalipereka msanga. Kwa munthu amene amachita malapu a nthawi, monga mphindi imodzi mothamanga mphindi imodzi mopuma, pamsewu wopanda zizindikiro, sindikudziwa china choposa aka.

Batani ndi mtunda wodziwika kale

Njira yakale kwambiri, ndipo pabwalo loyezedwa bwino ndiyo imapambana zonse. Mtunda simuyeza, mukuudziwa kale. Chimene mukuyeza ndi nthawi yokha, ndipo pa nthawi wotchi yotchipa ndi yodula sizisiyana.

Cholakwa chimene chatsala ndi cha chala chanu. Tinene kuti mwachedwa kudina ndi 0.2 ya sekondi. Pa lapu ya masekondi 90 kumeneko n'kuphonya kosakwana mita imodzi, pamene GPS yabwino yaphonya anayi. Komanso ngati malapu ali otsatizana osapuma, mukachedwa kudina pa iyi, yotsatirayo imafupika ndi nthawi yomweyo, chiwerengero chonse osasintha.

Zovuta zake ndi za umunthu. Pofika lapu ya 9 mutu umakhala utazungulira, mumaiwala kudina, awiri n'kuphatikizana kukhala imodzi. Muyeneranso kuzimitsa kaye lapu yodzidula yokha, imene wotchi imadula pa kilomita iliyonse, apo ayi wotchi ilira pa kilomita pakati pa lapu yanu yachitatu n'kuidula pawiri. Ndipo mukafika kunyumba, pulogalamu ikuonetsanibe mtunda wa GPS ndi liwiro lowerengeredwa kuchokera pamenepo. Pamafunika kuuma mtima, kuyang'ana nthawi yokha, n'kunyalanyaza 0.42 amene akukuuzani kuti munathamanga 3:34 pa kilomita pamene munathamanga 3:45. Bodza lokoma limenelo ndi limene limapweteketsa anthu tsiku la mpikisano.

Lapu yodzidula yokha, ndi chikwangwani chimene chimachedwa

Pamsewu ambiri timasiya wotchi kuti izidula yokha kilomita iliyonse. Popeza imapeza malo kamodzi pa sekondi, siingakhale ikuyang'ana pa mita ya 1,000 yeniyeni. Imazindikira itadutsa kale ndi mamita awiri kapena atatu. Mawotchi ena amawerengera chobwerera n'kulemba 1,000 ndendende, ena amasiya 1,003. Pagalasi zonse ndi 1.00, ndipo pa kilomita kusiyanako n'kosakwana sekondi. Apa kusendeza nambala sikundidetsa nkhawa.

Chimene chimasokoneza anthu ndi cha pa mpikisano: wotchi imalira chikwangwani cha kilomita chisanafike, ndipo mpata wake umakulirakulira. Pofika kumapeto kwa marathon ya makilomita 42.195, si zachilendo kuona 42.5 kapena kuposa. Njirayo si yaitali molakwika. Mipikisano yovomerezeka imayezedwa ndi njinga yochunidwa, yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala kotchedwa Jones counter, kamene Alan Jones anapanga mu 1971. Woyezayo amadutsa mzere waufupi kwambiri umene wothamanga angadutse, kudulira khona lililonse mpaka masentimita 30 kuchoka m'mphepete, kenako amawonjezera dala mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti njirayo isaperewere. Pa marathon amenewo ndi mamita 42. Inu pakati pa chikhamu simungadutse mzere umenewo. Mumazemba anthu, mumapatukira kotenga madzi, mumakhota motambalala. Kuwonjezera apo GPS ikuikaponso zake.

Ndiye pa mpikisano umene ndikusaka nthawi, ndimazimitsa lapu yodzidula, n'kumadina ndekha pa zikwangwani. Mwina chikwangwani china anachiimika pamalo olakwika, zimachitika, koma mzere womalizira uli pamalo ake, ndipo nthawi imawerengedwa pamenepo, osati pamene wotchi yanga yakwanitsa 42.2.

M'dziwe losambiramo nkhani ndi ina. GPS sigwira m'madzi, wotchi imangowerenga kuti mwatembenuka kangati n'kuchulukitsa ndi kutalika kwa dziwe kumene munaiuza. Siphonya ndi mamita atatu, imaphonya ndi dziwe lathunthu, monga mukaima pakati kukonza magalasi. Ndipo dziwe la mayadi 25 ndi mamita 22.86, mukalilemba ngati la mamita 25 mwadzipatsa mphatso ya mamita oposa awiri ulendo uliwonse. Pa treadmill, makina othamangirapo pamalo amodzi, wotchi ya padzanja imangoyerekeza kuchokera ku kagwedezedwe ka mkono, ndipo mukagwira zitsulo yasochera. Makinawo nawonso sakhala ochunidwa bwino nthawi zonse. Apa kachipangizo ka pa nsapato kochunidwa pabwalo ndiko kamaweruza.

Kumene mamita enieni amasungidwa

Amene amakonda kutsitsa malapu awo n'kuwaika mu Excel asamale ndi mtundu wa fayilo. Fayilo ya FIT, imene mawotchi ambiri amalemba, imasunga mtunda wa lapu mpaka pa sentimita, ndi nthawi yake mpaka pa gawo limodzi mwa 1,000 la sekondi. Sikuti GPS imayeza molondola chotero, kungoti palibe chimene chasendezedwa. Fayilo ya TCX nayo imasunga malapu ndi mamita ake. GPX imanyamula timadontho ndi nthawi zake, koma malire a malapu ndi mtunda umene wotchi inawerengera zimatsalira. Pulogalamu imene yalandira GPX imalumikiza timadonthoto mwa njira yake, ndipo n'chifukwa chake ulendo umodzi umatha kukhala ndi mitunda itatu m'mapulogalamu atatu. Zimene kachipangizo ka pa nsapato kanayeza zimatayikanso pamenepo. Fayilo ya CSV nthawi zambiri imangokopera zimene zili pagalasi, 0.40 ndi 1.00 zomwe zija.

Mukapeza mamita enieniwo, phatikizani kaye, musendeze pomaliza, kamodzi kokha. Liwiro la ulendo wonse lipezeni pogawa nthawi yonse ndi mtunda wonse, osati pophatikiza maliwiro a malapu n'kugawa ndi chiwerengero chawo. Njira yachiwiriyi imapatsa lapu ya mamita 200 mphamvu yofanana ndi ya kilomita. Ndipo samalani ndi kalapu kotsalira kumapeto kaja, kamene kamabadwa mukachedwa kuimitsa wotchi. Mamita 7 m'masekondi atatu amaoneka 0.01, ndipo wowerengera kuchokera pa 0.01 apeza 5:00 pa kilomita pamene munali mukuyenda 7:09.

Ine panopa ndimachita chonchi. Pabwalo limene ndikudziwa kuti ndi loyezedwa, ndimadina batani n'kulemba masekondi okha, njira ya pabwalo ndimaiyatsa kuti mapu ndi chiwerengero cha sabata zisaipe. Pabwalo lachilendo ndimayamba ndazungulira kakhumi ndi GPS wamba, n'kugawa mamita onse ndi 10 kuti ndione ngati akuyandikira 400. Malapu a nthawi pamsewu ndimasiyira kachipangizo ka pa nsapato. Ulendo wautali ndimasiyira GPS, ndipo 0.01 wake sindimuyang'ana. Pa wotchi imene imalola, malo oonetsa mtunda wa lapu ndinawasintha kuti azionetsa mamita m'malo mwa makilomita.

Fayilo ya tsiku lija ndinadzaitsegula madzulo ake. Lapu yachiwiri, imene inalembedwa 0.40, inali mamita 404.7. Yachinayi, ya 0.41, inali 405.6.